Tsiku limene ndinagawa benchi yanga

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma poti pa boda aliyense amaikamba mothira mchere, bola muimve kwa mwini wake.

Ndimagulitsa nachesi pa boda ya Mwanza. Chaka chatha ku Blantyre anandichotsa timinofu tomera m'matumbo, tija amati tikasiyidwa timasanduka khansa. Anati ndidzabwerenso kuti adzaone ndi kamera ngati tameranso. Tsiku litayandikira anandiuza kuti ndisiye zakudya za njere, kenako ndimwe mankhwala otsuka m'mimba.

Zonse ndinamvera. Koma inali sizoni, ndipo wooda nachesi ku Thambani osalawa amabwerako ndi zowawasa zokhazokha. Mtengo uliwonse ndinkalawa. Kwa ine imeneyo inali ntchito, sindinaiwerengere ngati kudya. Nthawi yolavula njere ndinalibe.

Anandiperekeza mlamu wanga Esinati, amene ankagulitsa tomato pansi, kumapeto kwa mzere. Jakisoni wogonetsa ndinakana chifukwa ndinkafuna kupeza minibasi yamasana. Ndinagona cham'mbali, kapaipi ka kamera kakuyenda m'kati, maso anga ali pa sikirini.

Poyamba munali mofiira bwinobwino. Kenako ndinaona kanthu koyera. Kenanso. Kutsogoloko, mulu. Dokotala anasiya kuyankhula, anayang'ana nesi, nesi n'kuyang'ana pansi. Anatulutsa kapaipi kaja n'kundiuza kuti ndivale, ndidikire panja, tikambirane.

Achemwali anga malemu anauzidwanso kuti tikambirane.

Kudikira ine sindimatha. Pakhonde pomwepo ndinagwira dzanja la Esinati n'kumuuza kuti timinofu tija tabwerera, ndipo tachuluka ngati chiswe. Ndinamuuza kuti mwana wanga wamng'ono uja amadwala chifuwa kukazizira, komanso kuti amuna anga, achimwene ake a Esinatiyo, asamve pa foni, angagwe pa njinga. Ndinaimbira aphunzitsi athu a sukulu ya kwacha kuti pa mayeso asandidikire. Iwo anayamba kupemphera pomwepo, mpaka eyataimu inatha.

"Alamu," ndinatero pomaliza, "benchi yanga ya pageti ija tengani. Malole onse amaima pamenepo. Muzikadyetsera ana anga."

Esinati analira kwambiri. Ndinangoona kuti akulira ndi maso, chala chili pa foni.

Atandiitana, dokotala anandifunsa ntchito imene ndimagwira. Ndinayankha kuti ndimagulitsa nachesi. Nesi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

"Mayi, ine ndimafuna matenda, koma ndapeza nazale ya nachesi. Njere zatseka kamera, sindinaone chilichonse. Tibwereza, ndipo mankhwala aja mumwanso."

Ndinalakalaka pansi patatseguka!

Ulendo wachiwiri sindinayandikire ngakhale khoko la nachesi. Anayang'ana paliponse, ndipo anati palibe chameranso. Ndinatsika minibasi ndikuvina, dengu pamutu, molunjika pageti.

Pa benchi yanga panali tomato woyalidwa bwino, milumilu, ndipo madalaivala anali atazolowera kale.

"Alamu, ndachiratu. Adokotala akuti m'mimba muli mbee."

"Ulemerero kwa Mulungu," anatero Esinati, akupukuta tomato ndi chitenje, osasuntha. "Koma m'mimba simudziwika, alamu. Tidikire kaye kamera yotsatirayo."

Lero ndimagulitsira pa saka, kumapeto kwa mzere, pafupi ndi ngalande.

Osamagawa chuma dokotala asanatsegule pakamwa.