A Semu ndi Kamphuno Kozizira

Pa msonkhano wake wa pachaka, bungwe la alimi obwerera kwawo ku Nsadzo linalengeza, anthu onse ataimirira, kuti kagetsi kachikasu kamene kankayaka m'galimoto ya bungwe si matenda ayi, n'chokongoletsa chabe. Komiti inalamula motorisita, mnyamata Aderito woyendetsa galimotoyo, kuti amatepo kapepala. Onse anawomba m'manja kupatula a Semu, amene Nsadzo yonse inkawadziwa ndi khalidwe lawo lonunkhiza utsi wa magalimoto.

Nthawi ya nkhondo a Semu anathawira ku Zambia, kumene ankasesa m'galaja. Anzawo pobwerera anasenza mapoto ndi malata. Iwo anabwera ndi sipanala imodzi ndi mphuno. Galimoto ikangoima, ankagwada kumbuyo kwake ngati mkamwini pamaso pa apongozi, n'kukoka utsi diso limodzi atatsinzina. Ndevu zawo zinayesa kuchita imvi, mwaye unakana.

"Iyi yagona ndi njala," ankatero. Kapena, "Iyi mwini wake sapemphera."

Msonkhano utatha a Semu anamuitana Aderito pambali.

"Mwanawe, amayiwa ali ndi chimfine."

"Amayi ake ati, madala?"

"Omwe ukuwayendetsawa. M'paipi ya utsi muli kamphuno konunkhiza ngati gazolina, petulo uja, wachuluka kapena wachepa. Kakazizira sikamva kanthu, n'chifukwa chake kali ndi kawaya kokafunditsa. Fyuzi ndaiona, ndi yamoyo. Nthambo makoswe sanadye. Chapsa ndi kawayako. Tsono poti fungo sakulimva, amayiwa akungomwa ngati ali paukwati wa eni."

"Nanga kapepala ndamata kaja?"

"Wodwala ukamutseka pakamwa wachira?"

Komiti inavomera kuti kamphuno katsopano kaitanitsidwe ku Tete. Kenaka inasankha komiti ina yoona za kuitanitsako. A Semu anati adzakamanga ndi manja awo, ndipo sipanala yawo ankaipukuta Loweruka lililonse kudikira tsikulo.

Podikira anapeza mankhwala awoawo. M'mawa uliwonse ankabwera ndi mbaula, n'kuilowetsa pansi pa paipi, akukupiza ndi chipewa kuti kamphunoko kafunde. Aderito ankaima patali ndi ndowa ya mchenga, mtima uli m'mwamba. Kagetsi sikanazime, gazolina ankathabe ngati kale, koma a Semu ankalumbira kuti amayiwo tsopano akutsokomola mwaulemu. Azimayi ogulitsa mbatata anayamba kuwotchera pomwepo, moti galimoto inkafika ku Cassacatiza ikununkhira chakudya cha m'mawa.

"Tsiku lina mudzatiphulitsa," anatero Aderito.

"Ndinapulumuka mabomba enieni. Mbaula indiopse?"

Mvula inagwa n'kukata kangapo, kamphuno osabwera. Chinabwera n'chifuwa cha a Semu. Akazi awo, a Luisa, anati utsi wa dziko lonse wamanga chisa m'nthiti mwawo. A Semu atafooka zedi, Aderito anawagoneka pamatiresi kumbuyo kwa galimoto, a Luisa ali pambali pawo, kuti athamange nawo kuchipatala ku Chifunde.

"Mbaula kaye," ananong'ona a Semu.

"Lero ayi, madala. Lero odwala ndinu."

Gazolina anali woyezedwa ndi komiti, molingana ndi galimoto yopanda matenda. Anathera pathengo, potsetsereka pena, mudzi uli kutali. Injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Aderito anatsika, anamenya tayala ndi phazi, misozi ili mbwee. A Semu anadzutsa mutu, n'kukoka kautsi kotsiriza kamene kankayandama kumbuyoko.

"Usawamenye. Amwa zonse, koma si dala."

Anamaliza ulendowo pangolo ya ng'ombe. M'njira a Semu anadandaula kuti ng'ombe zilibe chonunkhiza chanzeru. A Luisa anaseka, kenako analira. Kuchipatala a Semu anagonako masiku owerengeka, ndipo chomaliza chimene anamufunsa Aderito asanamwalire chinali chakuti kodi ku Tete kwachokera uthenga. Aderito ananama kuti kamphuno kali m'njira. Iwo anamuyang'ana, n'kukweza mphuno pang'ono.

Masiku ano magalimoto amaima pa Nsadzo n'kunyamuka popanda wowagwadira. Oyendetsa ena amachedwa dala kuzimitsa injini, akuyang'ana pakalilole. Aderito akadutsa pamene pankakhala mbaula amachepetsa liwiro la njinga yake, poti dothi la pamenepo lidakali lakuda.

Pamanda, tsiku la maliro a Semu, apurezidente a bungwe analankhula mpaka dzuwa kupendeka. Analonjeza kuti kamphunoko kabwera mwezi womwewo, kadzamangidwa ndi sipanala ya malemu, ndipo pachitseko cha galimoto padzalembedwa dzina la a Semu ndi penti wofiira.

Kamphuno kanafika chaka chotsatira. Galimotoyo anali ataigulitsa kale kwa munthu wa ku Katete.