Njinga Yopanda Kaliyala ndi Nkhuku ya Apongozi

Mpaka lero pali khomo lina ku Bundabunda limene ndikamadutsa ndimaweramitsa mutu ngati ndikuona vuto pa tcheni. Anthu a pamenepo amandidziwa bwino, koma osati ndi mbiri imene munthu wa msinkhu wanga angaifune.

Zinayamba ndi achipatala. Anati magazi anga akuthamanga kwambiri, ndichepetse mimba ndi mkwiyo. (Za mimba ndinavomera. Za mkwiyo ndinawafunsa kuti wawauza ndani, mpaka namwino wa chipinda china anabwera kudzaona amene akumenyedwa.) Ndiye ndinagula njinga ija ya matayala owonda ngati chala, ya mahandulo opindikira pansi. Ndinawonjezera chisoti, magalasi akuda, malaya a zipi ndi kabudula wothina wa pa salaula, pamsika wa zovala zakale. Loweruka lililonse ndinkachoka pa boma pa Chongwe n'kulowera kum'mawa, kumene msewu umangokwera n'kutsika pakati pa minda ya chimanga ndi matumba a malasha, makala ogulitsa aja, oimikidwa m'mbali. Pokwera umatukwana amene anaika chitundacho, potsika umamukhululukira.

Tsiku lina mkazi wanga, amake Dali, anandituma kukapereka mankhwala a mawondo kwa amayi ake ku Bundabunda.

"Mukwere minibasi," anatero.

"Nili na njinga."

"Ndiye tengani buluku mukavale pofika. Amama asakakuoneni na kakabudula aka."

"Niziika pati buluku? Iyi ni njinga yothamanga, si ngolo."

Anangoti, "Chabwino, ba tate ba Dali," ndi mawu aja amene amatanthauza kuti tidzakambirana pambuyo pa ngozi.

Apongozi angawo ndi akum'mawa enieni, a mwambo wakale. Chikwatirire mwana wawo sanandiyang'anepo kumaso. Tikamacheza amakhala chammbali, maso ali kunkhokwe, ine ndikuyankha ngati ndikulankhula ndi msana. Ndimakangana ndi aliyense, makondakita, aneba, ngakhale akomiti a kutchalitchi, koma mayi amenewa ndi munthu yekhayo amene ndakhala ndikufuna kuti azindiyesa wolongosoka. Mwana wawo anamupereka kwa ine amalume ake akukana.

Nditalowa pabwalo ndikukhulupirira kuti anangoona miyendo yokha. Anadzuka mwachangu (mawondo aja anachira kwa kanthawi), n'kulowa m'nyumba. Kenako chitenje chinatuluka pakhomo chokha, chikuuluka, n'kugwera pamapazi anga.

"Fundani, atate," mawu anachokera mkati. "Kuli mphepo."

Dzuwa linali loswa mtengo. Ndinafunda.

Tinalonjerana bwinobwino, ndinapereka mankhwala, ndinamwa munkoyo. Potsanzika anapita kuseri n'kubwera ndi thadzi lofiira, lonenepa, atalimanga miyendo ndi luzi. Analiika pansi pakati pathu.

"Ka nkhuku aka mukapatse mwana wanga. Nakhala nikumusungira kuchokera kali kamwanapiye."

Amene munakwatira mukudziwa kuti nkhuku ya apongozi sikanidwa. Sunganene kuti ulibe kaliyala, pakuti kwa iwo njinga yopanda kaliyala ili ngati nyumba yopanda chitseko, ndipo funso lotsatira lingakhale lakuti mwana wawo akukhala ndi munthu wotani. Ndinaomba m'manja, n'kunyamula thadzi lija. Chitenje ndinachipachika pampanda potuluka.

Nditafika pamsewu wa tala ndinayamba ndi kulikoleka pahandulo, mutu uli pansi. Linkajompha zala zanga nthawi iliyonse ndikafuna kugwira buleki. Ndinayesa kuligwira kukhwapa n'kuyendetsa ndi dzanja limodzi, koma lole itadutsa mphepo yake inatsala pang'ono kutiponya tonse m'ngalande. Apa ndipo inandifikira nzeru imene ndinadziyamikira nayo kwambiri. Ndinatsegula zipi ya malaya, n'kulowetsa thadzi pachifuwa, n'kutsekanso mpaka mutu wokha unatsala kunja, pansi pa chibwano changa.

Chitunda choyamba tinakwera mwamtendere. Ine ndinkapuma ngati mvukuto, lija likuona dziko. Amayi ena ogulitsa tomato anasiya kukamba n'kutiperekeza ndi maso, ine osawalabadira. Chapakati pa chitundacho ndinamva kufunda kwachilendo kukutsikira pamchombo. (Sindifotokoza. Nkhuku sidziwa kupempha kuti tiime.)

Tsono kutsika. Malo amenewo msewu umatsetsereka mtunda wautali, ndipo masiku onse ndi pamene ndimaiwala zaka zanga. Ndinawerama, njinga inayamba kuimba. Thadzi lija linali lisanayendepo liwiro loposa la galu wolithamangitsa. Mphepo italimenya kumaso linakuwa, n'kuyamba kupalasa. Luzi linamasuka. Zikhadabo zinandilemba pamimba ngati zikufukula chiswe, zipi inatsika yokha, mapiko anatambasuka pankhope panga. Ndinangoona zofiira. Pamene maso ankabwerera ndinali chagada m'tsekera, njinga ili uko tayala likuzungulirabe, thadzi likuthamangira pakhomo lina pafupi ndi msewu.

Sindinaganize za kuodira. Ndinaganiza za amake Dali akuimbira amayi awo kuti nkhuku sinafike. Ndinalowa pabwalo la eni ake ndikuthamanga, nditavala chisoti ndi magalasi akuda, malaya ali pululu. Nkhuku zinali zambiri ndipo zonse zinabalalika. Ndinazungulira nkhokwe kawiri, ndinagwetsa thandala la mbale, mpaka ndinadzigwetsa pa thadzi lofiira pafupi ndi khola la mbuzi. Ndikudzuka nalo, kumbuyo kwanga kunali mayi atagwira mtondo... ayi, unali munsi, ndi mwamuna wake atagwira mpini.

"Ni uyu," mayiyo anatero. "Ni uyu wamene atisiliza nkhuku."

"Ba mudala, ikani pansi," anatero mwamunayo modekha.

Munthu wanzeru akanavula magalasi n'kupepesa. Ine ndinati, "Iwe, unionera bwanji? Nioneka monga kawalala ine?"

"Muoneka monga chinthu chamene sitinachionepo."

Anthu anayamba kusonkhana. Ndinawauza kuti nkhukuyo ndi mphatso, kuti ndili ndi sitolo ya zitsulo pa boma, kuti nkhuku zawo zowondazo ngakhale atandipatsa ulere sindingazitenge. Mawu omalizawa sanathandize. Wina anabwera ndi chingwe cha ng'ombe. Apo ndipo ndinatchula dzina la apongozi anga, chinthu chimene ndinkachipewa kuyambira pachiyambi. Anali kuwadziwa. Mwini khomo anatenga njinga yake, ya kaliyala, n'kupita kukawatenga, ine atandikhazika pansi pa mtengo, thadzi ndili nalo pamiyendo, ntchentche zikuchita msonkhano pamimba panga.

Apongozi anafika atakhala chammbali pakaliyala. Anatsika, n'kukhala pamphasa atandifulatira.

"Amama," mwini khomo anafunsa, "uyu munthu mumuziba?"

"Nkhope ya apongozi anga sininaionepo," anayankha. "Nanga lero nizayamba bwanji, alibe na chovala?"

Anthu anaseka. Mayi wa munsi uja anati, "Mwamva? Samuziba. Mumangeni."

Pamenepo mutu unandiwira. Ndinaimirira n'kumuuza mayiyo zonse zimene ndinkaganiza za iye, za munsi wake, za mbuzi zake ndi za anthu ongoweruza munthu asanamve mlandu. Mawu anga anamveka mpaka kumsewu. Nditaima kuti ndikoke mpweya, apongozi analankhula maso ali kuphiri.

"Ni amenewo. Ni atate ake a Dali. Palibe winanso akalipa motero."

Ndinayang'ana gulu lonse mmodzimmodzi ngati munthu amene wapambana kukhoti. Ndinakweza thadzi lija m'mwamba kuti aliyense aone.

"Nanga nkhuku?" anafunsa mwini khomo.

Apongozi anatembenuza khosi pang'ono, n'kuyang'ana nkhuku yokhayo, kusamala kuti maso asapitirire.

"Iyo si yanga."

Kenako thadzi lina lofiira linatuluka pansi pa nkhokwe, likuyenda mwaulemu, luzi likukwekwereka kumwendo.

Kugwada ndi kabudula wothina ndi ntchito, abale. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinapepesa kwa mayi amene ndinali nditangomutukwana kumene, ndipo iye anandipempha kuti ndibwerezenso chifukwa khutu lina silimva bwino. Ndinabwereza. Apongozi anagwira thadzi lawo okha, analimanganso, n'kulipakata.

"Pitani bwino, atate," anatero. "Nkhuku nizabweretsa nekha."

Anabweretsadi, pa minibasi, pamodzi ndi chikwama chachikulu cha zovala. Nkhuku tinadya tsiku lomwelo. Iwo akadali kwathu, akuti chipatala cha mawondo chili pafupi, ndipo mvula yagwa n'kutha. M'nyumba mwanga momwe tsopano ndimalankhula monong'ona, ndikuvala buluku ngakhale popita kukasamba. Amake Dali akuti magazi anga atsika, ndipo akufuna kuti amayi awo akhalitse.

Ine Loweruka ndimakankha njinga mpaka pakona, n'kuvula buluku kuseri kwa sitolo, n'kupalasa mpaka pachitunda chopanda nyumba pafupi. Pamenepo ndimaima n'kukalipira ng'ombe za eni ake mpaka mtima utakhala pansi. Kaliyala sindinaikebe. Njinga ija ndi yothamanga.