Mbatatesi Zanga, Dengu la Nabanda

Lolemba
Alendo a ku Spain abwera Lamulungu kudzaona mjigo umene anatikumbira pa parishi. A Sisitere Pilar akuti mmodzi mwa ife, amayi a kalasi ya Chisipanishi, adzawalandira m'chinenero chawo, pa maikolofoni. Asankha Lachisanu. Ndine basi. Vuto ndi Nabanda, amene amakhala kutsogolo n'kumagwedeza mutu ngati anabadwira komweko.
Zoloweza:
me levanto, ndimadzuka
me lavo, ndimasamba
me quejo de, ndimadandaula za
le doy, ndikumupatsa (akachuluka, les doy)
Nabanda waloweza kale zonsezi. Mayi wa ana asanu, nthawi amaipeza kuti?

Lachiwiri
Kuzizira! Nkhungu mpaka pakhomo. Me lavo wa chiyani m'Juni muno? Ndangosukusula.
Kukalasi a Sisitere andifunsa chiganizo, ine ka "de" kandithawa. Nabanda akunong'ona kuti, "De, de, anzanga," kunong'ona kwake komveka mpaka kukhitchini. A Sisitere: "Muy bien, Nabanda." Kuyamikiridwa pa funso langa! Mtima ukundiwawa, sindinama.

Lachitatu
Nzeru zabwera. Le doy si woloweza, ndi wochita. Paja kupatsa n'kuika.
Ndakumba mbatatesi kudimba, ndasankha zikuluzikulu zokhazokha. Dengu langa n'lobooka, ndiye ndabwereka la Nabanda, ndamuuza kuti ndikupita kuchigayo. Ndalisiya pakhomo la khitchini ya a Sisitere mwakachetechete. Munthu woleredwa bwino salengeza mphatso. Adziwa okha. Ndani wina amalima mbatatesi zotere kuno?

Lachinayi
Mayo ine! Dengu lija lili ndi dzina kunsi. NABANDA, penti yofiira, monga timalembera ziwiya kuti zisasokonekere pamaliro. A Sisitere amukumbatira pamaso pa kalasi yonse. Akuti mayi wa mtima wabwino, alendo adzadya mbatatesi zake. Iye wangoseka chamanyazi: "N'zochepa, a Sisitere."
Zochepa! Mizere itatu yathunthu!
Wandiyang'ana, ndamuyang'ana. Ndinene kuti n'zanga? Ndiye ndifotokozenso za kuchigayo zija? Ndatsegula kope langa.

Lachisanu
Asankha Nabanda. Ine akuti mawu anga ndi abwino koma ndimathamanga. Andiika m'gulu lophika. Ndaomba nawo m'manja, kawiri.
Kunyumba amuna anga, abambo a Tadala, osafunsidwa ndi munthu: "Komatu Nabanda uja mutu wake umagwira." Ndiwo zawo lero zasowa mchere.

Loweruka
Nabanda wabwera kudzabwereka chitenje changa chatsopano, chimene ndinasungira tsiku la mawali. Akuti si paja iye anandithandiza dengu. Ndamupatsa. Le doy, le doy, sabata yonse ine le doy.
Wandipemphanso kuti ndimumvetsere akuyeserera mawu ake. Ndatchera khutu ngati wofuna nsabwe m'mutu mwa mwana. Sanalakwitse ngakhale pamodzi. Nsanje yandigwira.

Lamulungu
Me levanto m'mamawa. Ndikusenda mbatatesi zanga ndi mpeni wanga, utsi m'maso. Pa chimkuzamawu ndikumva Nabanda akulandira alendo. Nthungululu. Chitenje changa akuti chamukhala.
Atadya, mlendo wamkulu waimirira kuyamikira chakudya. Akulankhula pang'onopang'ono, ndipo ine pawindo la khitchini ndikumva zonse, popanda womasulira, koyamba chiyambire kalasi. Akuti mbatatesi zotere sanadyepo, akuthokoza mayi amene anazilima. Anzanga ophika akundikoka mkono: "Akuti chiyani? Tiuzeni, inu ophunzira."
Ndawamasulira bwinobwino, osathamanga, osalakwitsa, mpaka dzina la Nabanda.
Dengu lake ndamubwezera. Muli makoko.