Galasi Langa la pa Chulu

Pali chulu china ku Kanakantapa chimene mpaka lero ndimachilambalala ndikuyang'ana kumbali.

Nthawiyo ndinali mphunzitsi wongoyamba kumene, ndipo mtima unali pa Esinati, mwana wa kutsidya kwa munda. Vuto linali amayi ake, amene kanthu sikankawadutsa.

Msuweni wanga Jofire, wophunzira sayansi ku Lusaka, atabwera kutchuthi anandiuza nkhani yodabwitsa. Akuti asayansi akunja apeza njira yopatsirana kiyi wachinsinsi, manambala otsekera uthenga, kudzera m'kuwala.

"Amatuma tudutswa twa kuwala kamodzikamodzi," anatero. "Wina akasuzumira panjira, kadutswa kaja kasintha. Eni ake akalinganiza zotumizidwa ndi zolandiridwa, adziwa kuti pali kazitape, basi ataya kiyi."

Ine ndinangotolapo mawu awiri, kuwala ndi chinsinsi. (Za kamodzikamodzi zija zinandipita pamwamba.)

Ndinapangana ndi Esinati kuti masana ndizikwera pachulu ndi galasi lometera ndevu. Chiwerengero cha kuphethira kwa galasi chizitchula tsiku lokumana kudimba, iye aziyankha ndi mbale yamalata. Wina akationa, ndinamutsimikizira, tidziwa. Sayansi yatero.

Poyamba zinayenda. Kenaka ndinathobwa m'maso bambo wina wapanjinga, nagwera m'chimanga. (Ndinabisala, sindinaphunzirepo kanthu.) Sabata yotsatira mbale inayankha mwachangu kuposa kale, ine n'kuti chikondi chakula.

Lachinayi, tsiku limene mbale inavomera, ndinavala tayi, ulendo kudimba. Pansi pa mango panali amayi ake a Esinati, mbale ili pamiyendo, khasu pambali.

"Ba ticha, mwafika. Nkhalani."

"Mayi, nenze kupita chabe."

"Na tayi, mu matimati? Esinati namutuma ku Kasisi. Wamene anakuyankhani ni ine. Galasi yanu munzi wonse umaiona, nabakalamba bamene sibaona bwino."

Anandipatsa khasu. Ndinapalira matimati mpaka tayi kunyowa, iwo akundifunsa za kwathu. Pomaliza anandiswera nzimbe.

"Ngati mumufuna mwana wanga, tumani akulu banu babwele pakhomo."

Jofire atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Manje iwe, dzuwa lonse lija ndiye kadutswa kamodzi?"

Akuluakulu anapitadi, ukwati unachitika. Patapita zaka ndinafunsa Esinati kuti amayi anatitulukira liti.

"Tsiku loyamba," anayankha. "Ine nenze kusokoneza kuwerenga, ndiye benze kuniwerengera."

Masiku ano munthu akamandifotokozera za sayansi, ndimayesetsa kumvera mpaka amalize. Sikuti nthawi zonse zimatheka.