Sabata yochulukitsa maluwa a Lusungu

Lolemba

Ndayamba! Mwana wanga Lusungu, amene akuphunzira unamwino ku Lusaka, akubwera Lamlungu. Pochoka adandisiyira maluwa m'chitini, timaluwa tabuluu tokhala ndi kadiso kachikasu pakati. Dzina lake n'lachingerezi, fogetiminoti, ati ndiye kuti "usandiiwale". Ndawalera ngati khanda, tsopano tsinde ladzaza chitini chonse. Ndikufuna akamafika apeze njira yonse, kuchokera pa mango mpaka pakhomo, ili buluu yekhayekha. Adziwe kuti amake sanamuiwale.

Zofunika: khasu, manyowa, madzi, msana. Msanawo ndiye ndilibe.

Ndagawa tsinde ndi mpeni, chigawo chilichonse ndi mizu yake. Ndawokera. Ndathirira. Dzuwa likuphika ngati lili ndi mlandu ndi ine.

Lachiwiri

Onse agona. Masamba lendee ngati makutu a mbuzi.

Bambo a Lusungu aima, manja kumbuyo. "Osavuta awa. Ni fodya chabe, koma alibe msika." Akuti afunika mthunzi ngati nazale. Amanga chisakasa cha udzu, chachikulu, chachifupi, pakati penipeni pa njira. Tsopano polowa m'nyumba yanga ndiyenera kuwerama ngati ndikupita kukapepesa.

Kumjigo mzere wautali. Ndabwererako mpaka khosi lauma. A NyaZimba, oyandikana nafe: "Monire amama! Madzi onsewa, muli na alendo?" Ndati ndi a maluwa. "Amadyewa?" Ndati ayi. Andiyang'ana mwachisoni, ngati ndayamba kudwala mutu.

Lachitatu

Nkhuku!

Zapeza mthunzi wabwino, dothi lofewa, lonyowa. Zaitana ndi za eni ake. Pofika ine mizu ili m'mwamba, tambala wakhala pakati ngati mwini munda.

Ndabwezera m'dothi. Ndatchinga ndi minga. Minga yabaya chala changa, chitenje changa ndi galu. Nkhuku zikudutsa pansi bwinobwino.

Ndatopa. Komabe ena adzutsa timasamba. Mwina.

Lachinayi

Ndapita ku msonkhano wa amayi ku tchalitchi. Kulakwa kwake n'komweko, kusiya mwamuna yekha ndi maluwa.

Ndabwera, masamba apsa m'mbalimbali ngati adutsa pamoto. Patsinde lililonse pali mulu woyera. Feteleza wa fodya!

"Nathilako pang'ono chabe, kuti akule msanga."

Pang'ono pawo ndi dzanja lodzaza. Ndakokolola ndi zala, ndathira madzi, ndathiranso. Sitikulankhulana. Akudya chakudya chawo moyang'ana khoma.

Otsala ndi owerengeka, ndipo nawonso sakundilonjeza kanthu.

Lachisanu

Nzeru ina: njere. Pa timaluwa touma pali tinjere takuda, tating'ono kuposa ta bonongwe. Ndatola kamodzikamodzi, maso akuwawa. Sizingamere pofika Lamlungu, ndikudziwa, koma ndidzamuonetsa pomwe ndafesa.

Ndayanika pa lichero, ndalowa kukatenga madzi akumwa.

Kamvuluvulu! Wachokera kumunda kwa a NyaZimba, wanyamula lichero, njere, ndi mpango wanga. Lichero ndalipeza pa nkhokwe. Njere zapita, mwina zikamera ku Chikomeni.

Loweruka

M'mawa mbuzi yathyola minga, yamaliza otsala. Yasiya timitengo. Nayonso sinaoneke yokhuta.

Ndakhala pakhonde, sindinalire, madzi onse a m'thupi ndidathirira kale.

Masana bambo a Lusungu abwera kuchokera ku msika wa Lundazi, thukuta kamukamu, chikatoni panjinga. Maluwa apulasitiki. Ofiira, aakulu ngati kabichi.

"A buluu anasila. Koma awa safuna madzi."

Awazika okha mumzere, agwada, akuyeza ndi chingwe ngati akubzala fodya. Ndimafuna kukalipa koma mawondo awo akulira kuposa anga. Ndawapatsa madzi osamba. Tayambanso kulankhulana.

Lamlungu

Lusungu wafika. Waonda, koma ali bwino. Wawerama pachisakasa, waona apulasitiki, waseka mpaka kugwira mtengo wa mango.

Ndamufotokozera zonse, nkhuku, feteleza, kamvuluvulu, mbuzi. Ndati mwanawe undikhululukire, mphatso yako ndaipha.

"Amama, mwavutikila aja? Kuseli kwa hositelo yathu amamela okha m'ngalande. Timachita kuzula."

Okha! M'ngalande!

Ndagona chafufumimba pamphasa, iye akundithowa msana ndi madzi otentha, akuti ndi momwe amawaphunzitsira. Panja bambo ake akuonetsa a NyaZimba maluwa awo ofiira, akunyadira kuti sanafote ndi limodzi lomwe.

Lusungu akuti pa Khirisimasi andibweretsera ena, thumba lodzaza.

Ndamuuza abweretse sopo.