Mlimi Wovikidwa M'madzi

Kuno ku Nyimba tonse tinkadziwa kuti aDaka, alangizi athu a zaulimi, sankadutsa pepala la Chingelezi osalizenga mlandu. Ankasaka timau tothela ndi -ing ndi -ed, tija timatsogola m'ziganizo za sayansi. Ankati timau totele tili ngati kamwana ka mbuzi, kamayamwa kwa aliyense amene waima pafupi. M'sitolo ankawelenga botolo la mankhwala a ng'ombe, n'kufunsa wogulitsa kuti wogwedezedwa apa ndani, botolo kapena mlimi. Mzele kumbuyo kwao unkafika mpaka pa ogulitsa nthochi.

Matendawa anali ndi chiyambi chake. Chaka china iwo omwe analemba malangizo obzalila mitengo ya msangu: "Soaked overnight, the farmer plants the seed." Ankanena mbewu, koma Chingelezicho chinavika mlimi.

Pamsonkhano wa ku Luembe, Julio, mlimi wanthabwala amene makolo ake anachokela ku Mozambique, anafika ali chonyowa, akunjenjemela.

"Bambo Daka, ndagona m'madzi monga munalembela. Tsopano ndibzale?"

Tonse tinkadziwa kuti wagwa ndi njinga pamtsinje. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. ADaka okha sanaseke. Tsoka ilo, sabata lomwelo Julio anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo.

ADaka anamulimila munda wonse chaka chimenecho. Julio atachila, ankamuyendelabe ndi sopo, shuga, ngakhale juzi m'mwezi wotentha. Poyamba Julio ankangolandila, ife n'kumamuthandiza kumwa tiyi. Manyazi atamugwila, anaulula za njinga ija.

"Ndiwe munthu wabwino, Julio," anatelo aDaka. "Ufuna kundipeputsila mtima. Koma ndinalemba ndine."

Julio anatiitana kuti tichitile umboni. Tinalumbila, tinaloza ndi mwala umene unamugwetsa. ADaka anangotithokoza chifukwa cha chifundo. Ngakhale atapuma ntchito, maondo atatha, ankapalasabe njinga pamsewu woipa wa ku Luembe kukaona Julio. Akazi awo, amai Mildred, ankatifunsa kuti nthabwala yathu idzatha liti.

ADaka anamwalila m'dzinja lathali. Julio, ndi imvi zake, analowa m'dzenje kukumba nawo manda, ndipo anakana kutulukamo kuti ena amulandile.

Masiku ano mzele m'sitolo umayenda msanga. Timagula, timatuluka, palibe wotichedwetsa. Tikakumana ife a msonkhano uja, timapatsana moni mwachidule, aliyense akuyang'ana nsapato zake.