Windo Lomwe Ndinakonza Ndekha

Mpaka lero ndikadutsa pachitsime kwathu kuno kwa Malemia, azimayi amayamba kutsokomola mwadala. Ndimangoyang'ana kuphiri.

Ndine mkamwini pamudzi pano. Nditamanga nyumba ya njerwa zootcha, ndinalengeza kuti chipinda chimodzi ndi cha apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga, omwe nyumba yawo yaudzu inkadontha. Ndinkafuna mudzi udziwe kuti unapeza mwamuna.

Mmisiri wathu, a Jafali, anaika windo la chipindacho, koma simenti ya m'munsi mwake anaipendeketsa cha kunja. Ine zinandinyansa.

“A Jafali, levulo munaiwala kunyumba?”

“Ayi bambo, n'kuti madzi azitsetserekera panja. Mpata wa m'mbali mwa felemuwo ndidzatseka Loweruka.”

Loweruka sindinalidikire. Atangochoka ndinakanya simenti, n'kuwongola malowo ndi chikwanje (ntchito yanga ndi yosoka zovala, njerwa sindinagwirepo). Mumpata muja ndinafinyiramo mapepala a matumba a simenti, n'kumata pamwamba. Kenako ndinawatumizira uthenga a Jafali kuti asavutike kubwera.

Apongozi analowa mu Meyi. Mu Juni chiperoni chinatsika m'phiri, kamvula kamasiku anayi osakata. Madzi ankaima pawindo paja n'kulowera m'kati, chifukwa kuwongola kwanga kunapitirira muyeso. Mapepala ananyowa, simenti yanga inagamuka, mphepo n'kumalowa ngati kwawo. Khoma linada ndi chuku.

Mwa mwambo wathu, mpongozi sadandaula pamaso pa mkamwini. Iwo anangoyamba kutsokomola. Ine ndinati ndi fodya wa pamphuno (sanamugwirepo chibadwire).

Tsiku lachisanu m'mawa ndinawaona atasenza mphasa ndi bulangete lonyowa, akubwerera kunyumba yawo yodontha ija. Pofika masana, mudzi wonse unali utamva kuti mkamwini wathamangitsa apongozi. Ndinachita manyazi, komanso zinandiwawa, chifukwa mayi aja ndimawakonda.

Ndinawaitana a Jafali, anabwera, anagumula ntchito yanga, n'kukonza bwinobwino. Chipinda chitauma ndinatuma mkazi wanga kuti akawatenge amayi. Anabwera yekha.

“Akuti chiyani?”

“Akuti zikomo, nyumba ndi yokongola. Koma kwawo kukadontha amadziwa poika beseni.”

Chaka chimenecho ndinapita ndekha kudambo kukamweta udzu, n'kuwafolerera nyumba yawo. Nditakwera padenga ndinamva akunong'oneza mwana wawo pansi: “Akatsika, ukaitane a Jafali adzaoneko.”